Foni ya M'manja ndi Tsogolo la Kompyuta: Malangizo kwa Achinyamata

Kompyuta ya patebulo, ija ya bokosi, sikirini, kiyibodi ndi zingwe zolowera kukhoma, inakhala chizindikiro cha ofesi ndi maphunziro kwa zaka pafupifupi 30. Masiku ano ntchito zambiri zimene inkagwira zasamukira m'foni ya m'manja. Kulemberana mauthenga, kuwerenga nkhani, kutumiza ndalama, kujambula zithunzi ndi kufunsa mitengo ya katundu, zonsezi munthu amachita ali m'minibasi, ali kudimba kapena ali pamzere kuchigayo. Kusintha kumeneku kwadzetsa funso kwa makolo, aphunzitsi ndi achinyamata eni ake: kodi kuphunzira kompyuta kudakali ndi phindu? Foni yatengadi ntchito zambiri, ndipo itenganso zina. Komabe ntchito zopanga zinthu, zomwe nthawi zambiri ndi zimene zimadyetsa banja, zikufunabe luso limene munthu amaliphunzira atakhala pansi, maso ali pa sikirini yaikulu, zala zili pa kiyibodi. Wachinyamata wodziwa foni yokha ndiye kuti wadziwa theka.

Kumene makinawa achokera

Makompyuta oyamba a magetsi sankakwana patebulo. ENIAC, imene inaonetsedwa kwa anthu mu 1946 pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, inkadzaza chipinda chachikulu, inkalemera matani pafupifupi 30, ndipo inali ndi machubu agalasi pafupifupi 18,000 amene ankatentha ndi kupsa kawirikawiri. Mu 1947 akatswiri a ku Bell Labs anapanga transistor, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya magetsi, kamene kanalowa m'malo mwa machubu aja. Mu 1971 kampani ya Intel inatulutsa pulosesa yotchedwa 4004, yomwe inali ndi ma transistor 2,300 pa kachidutswa kamodzi kochepa ngati chikhadabo. Pulosesa ndiyo imawerengera ndi kulamulira zonse zochitika m'kompyuta. Gordon Moore, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Intel, anaona mu 1965 kuti chiwerengero cha ma transistor okwana pa kachidutswa kamodzi chikuwirikiza kawiri pakangopita nthawi yochepa, ndipo mu 1975 ananena kuti izi zizichitika zaka ziwiri zilizonse. Zinayendadi motero kwa nthawi yaitali, moti pulosesa ya foni yapamwamba ya lero imakhala ndi ma transistor oposa 10 biliyoni.

Kuchepa kwa zipangizo ndiko kunabweretsa kompyuta m'nyumba ndi m'maofesi. Apple II inatuluka mu 1977, IBM PC mu 1981, ndipo Macintosh ya mu 1984 inazoloweretsa anthu kugwiritsa ntchito mausi ndi tizithunzi ta pa sikirini m'malo molemba malamulo. Windows 95 inafikitsa kachitidwe kameneka kwa anthu mamiliyoni ambiri. Pa nthawi yomweyo opanga makina ankafunafuna kompyuta yonyamulika. Osborne 1 ya mu 1981 inkalemera makilogalamu pafupifupi 11, koma inali chiyambi. Pofika mu 2008 malaputopu anayamba kugulidwa ambiri kuposa makompyuta a patebulo padziko lonse. Choncho woyamba kusuntha kompyuta ya patebulo pampando anali laputopu, foni inabwera pambuyo.

Mmene foni inakulira

Martin Cooper wa kampani ya Motorola ndiye anaimba foni ya m'manja koyamba, mu April 1973 mumzinda wa New York. Foni yoyamba kugulitsidwa inatuluka patapita zaka 10, ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 4,000. Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain mu December 1992. Kwa zaka zambiri foni inali yoimbira ndi yolemberana timauthenga basi. Zinthu zinatembenuka mu 2007 pamene Apple inatulutsa iPhone, foni yokhala ndi sikirini yogusa ndi chala komanso yotha kutsegula intaneti bwinobwino. Mu 2008 kunatuluka foni yoyamba ya Android, pulogalamu ya Google imene makampani ena amaloledwa kuika m'mafoni awo, ndipo zimenezi zinatsitsa mitengo. Mu 2010 kunabwera iPad, imene inatchukitsa matabuleti.

Ziwerengero zinatsatira msanga. Mu 2011 mafoni amakono anagulidwa ambiri kuposa makompyuta. Mu 2013 chiwerengero cha mafoni amakono otuluka m'mafakitale m'chaka chimodzi chinadutsa 1 biliyoni. Mu October 2016 bungwe la StatCounter, lomwe limawerenga anthu otsegula masamba a pa intaneti, linapeza kuti kwa nthawi yoyamba mafoni ndi matabuleti aposa makompyuta potsegula intaneti padziko lonse. Malonda a makompyuta, omwe anafika pachimake mu 2011 pamene anapitirira 350 miliyoni, anakhala akutsika kwa zaka zingapo zotsatira.

Zifukwa zimene foni yapambanira

Chifukwa choyamba ndi magetsi. Kompyuta ya patebulo imafuna magetsi osadukiza, ndipo akangothima imazima pompo, ntchito yosasungidwa n'kutayika. Foni imadya moto wochepa kwambiri, imakhala ndi batire, ndipo kasola kakang'ono koika padenga la udzu kamaitchaja. Mapulosesa a mafoni ambiri amatsatira kapangidwe ka kampani ya Arm ya ku Cambridge ku England, kamene cholinga chake chachikulu ndi kugwira ntchito yambiri ndi moto wochepa. Ku Malawi nkhani ya magetsi ndi yaikulu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Ngakhale m'matauni magetsi sadalirika nthawi zonse. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Pa nthawi ngati imeneyo chida cha batire ndicho chimagwira ntchito.

Chifukwa chachiwiri ndi mtengo. Mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, omwe onse amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, anafala mu Africa chifukwa anali otsika mtengo, olowa masimukhadi awiri, ndiponso a batire lokhalitsa. Chachitatu ndi netiweki. Kale intaneti inkafuna waya wa telefoni wofika m'nyumba, ndipo mawaya otere sanafike m'midzi yambiri. Nsanamira za netiweki zinadumpha vuto limeneli. TNM inayamba ntchito ku Malawi mu 1995, Celtel mu 1999, ndipo Celtel ndi imene inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010. Anthu ochuluka a m'chigawo chino cha Africa anaona intaneti koyamba pa foni, asanakhudzepo kompyuta.

Chifukwa chachinayi ndi ndalama. M-Pesa itayamba ku Kenya mu 2007, njira yotumizira ndalama pa foni inafalikira maiko ambiri. Ku Malawi Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba mu 2013. Njirazi zimagwira ntchito ngakhale pa foni ya mabatani yopanda intaneti. Mwana wogwira ntchito ku Lilongwe amatumiza ndalama ya feteleza kwa amayi ake ku Ntchisi, iwo n'kukatapa kwa ejenti wa pamsika tsiku lomwelo. Chachisanu n'chakuti foni imalandira mawu ndi zithunzi. Munthu amene sukulu anailekera panjira amatha kujambula mawu pa WhatsApp, kutumiza chithunzi cha chimanga chodyedwa ndi mbozi kwa mlangizi, kapena kuimbira Chipatala cha pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011. Kompyuta ya patebulo sikanatha kufikira anthu amenewa, ndipo phindu limeneli ndi loyenera kuliyamikira.

Ntchito zimene foni sinalande

Mu 2010 Steve Jobs, yemwe ankatsogolera Apple, anayerekeza makompyuta ndi malole. Iye anati anthu ambiri adzasamukira ku zida zing'onozing'ono monga mmene anthu a m'mizinda anasamukira ku magalimoto ang'onoang'ono, koma malole adzakhalapobe chifukwa katundu wolemera amafuna lole. Zaka zapitazi zatsimikiza mfundo imeneyi. Mliri wa Covid-19 utatseka masukulu ndi maofesi mu 2020, anthu anathamangira kugula makompyuta, makamaka malaputopu, moti malonda ake mu 2021 anakwera kufika pamene anali asanafikepo kwa zaka pafupifupi 10. Mafoni anali nawo kale m'matumba, koma atafuna kugwira ntchito tsiku lathunthu anafuna sikirini yaikulu ndi kiyibodi.

Chifukwa chake chili m'thupi la munthu. Pulosesa ikhoza kuchepa chaka ndi chaka, koma maso ndi zala sizichepa. Wowerengera ndalama za kampani amafuna kuona mizere yambiri ya manambala nthawi imodzi. Wojambula mapulani a nyumba amafuna kuona khoma lonse ndi miyeso yake. Mkonzi wa nyuzipepala, wokonza mafilimu, wosakaniza nyimbo mu situdiyo ndi wophunzira wa ku yunivesite amene akulemba kafukufuku wa masamba 80, onsewa amakhala maola ambiri pa ntchito imodzi, ndipo kasikirini kokwana m'dzanja kamawatopetsa ndi kuwalakwitsa. Pafupifupi mapulogalamu onse a m'foni nawonso amalembedwa pa kompyuta. M'mabanki, m'maofesi a msonkho a m'malire monga ku Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, komanso m'zipatala, makompyuta okhazikika ndiwo amasunga mbiri ya anthu ndi katundu. Bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta a sikirini yogusa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, ndipo makina otere anafalikira m'zipatala zambiri.

Pa misika ya m'maboma pamapezeka kachipinda ka malata momwe muli kompyuta yakale, makina opulintira ndi a fotokope. Mnyamata kapena mtsikana wa mmenemo amataipa makalata a mafumu, mapulogalamu a ukwati, mayeso a sukulu zapulayimale ndi makalata ofunsira ntchito. Amakonza zithunzi za ziphaso, amaika nyimbo m'mamemori khadi, ndipo amathandiza ana a Fomu 4 kudzaza mafomu ofunsira malo ku yunivesite. Pafupifupi aliyense woima pakhomo pake ali ndi foni m'thumba, koma ndalama zikuchoka m'matumba mwawo kupita kwa iye. Chimene akulipira ndi luso lake loyala kalata bwino, losunga fayilo pamalo podziwika ndi lotulutsa pepala looneka mwaulemu.

Palinso makompyuta amene saoneka. Uthenga wa pa WhatsApp, kanema wa pa YouTube ndi ndalama ya pa foni zimadutsa m'nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta otchedwa maseva, omwe amayaka usana ndi usiku. Malawi, pokhala dziko losagundana ndi nyanja yamchere, imalandira gawo lalikulu la intaneti kudzera m'mawaya ochokera kugombe la Tanzania ndi Mozambique, kumene kumafikira mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Maseva, mawaya ndi nsanamira zonsezi zimafuna anthu ozimanga, kuziyang'anira ndi kuzikonza, ndipo anthu amenewa ndi odziwa kompyuta mozama.

Kumene zinthu zikulowera

Mpanda wa pakati pa foni ndi kompyuta ukugwa pang'onopang'ono. Mu 2020 Apple inayamba kuika m'malaputopu ake pulosesa ya M1, yochokera ku kapangidwe komweko ka mapulosesa a mafoni, ndipo batire linayamba kukhala pafupifupi tsiku lonse. Kuyambira mu 2017 mafoni ena a Samsung ali ndi DeX, njira yolumikizira foni ku sikirini, kiyibodi ndi mausi kuti igwire ntchito ngati kompyuta ya patebulo. Malaputopu a Chromebook, omwe anayamba mu 2011, amasunga zinthu zambiri pa intaneti m'malo mozisunga m'kati mwake. Mapulogalamu oyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, omwe anatchuka ChatGPT itatuluka mu November 2022, amagwirira ntchito yake yaikulu m'maseva akutali, foni kapena laputopu n'kumangoonetsa zotsatira. Intaneti ya Starlink yochokera ku masetilaiti inafika ku Malawi mu 2023, ndipo sukulu zina zapulayimale zikuphunzitsa kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi sola.

Poona zonsezi, bokosi lalikulu la pansi pa tebulo likhoza kusowa m'nyumba zambiri n'kutsala kwa amene ntchito yawo ndi yolemera kwambiri. Chimene chidzatsale ndi tebulo, mpando, sikirini ndi kiyibodi, ngakhale pulosesa yake itakhala ya foni ya m'thumba. Mayina a makampani nawo sakhalitsa. Nokia inali patsogolo pa opanga mafoni onse kwa zaka zoposa 10, koma mu 2014 inagulitsa gawo lake la mafoni kwa Microsoft. BlackBerry, yomwe inali foni ya mabwana, inasowa pamsika. Chakudza sichiimba ng'oma. Amene waphunzira kudina mabatani a chida chimodzi amasokonezeka chidacho chikasintha, pamene amene wamvetsa mmene fayilo, netiweki ndi pulogalamu zimagwirira ntchito amazolowera chida chatsopano m'masiku ochepa.

Luso loyenera kuphunzira

Kuthamanga kwa zala pa foni kumanamiza achinyamata ambiri kuti kompyuta akuidziwa. Zoona zimaoneka tsiku loyesedwa ntchito. Wofunsira ntchito ya ukalaliki amapatsidwa kalata yolembedwa pamanja kuti aitaipe, aisunge m'foda, kenako aitumize pa imelo. Zala zija zimene zimauluka pa WhatsApp zimayamba kusakasaka chilembo chimodzichimodzi, mitu ya kalata imasokonekera, ndipo fayilo ikasungidwa mwini wake sadziwa kumene yapita. Satifiketi ya MSCE ikhoza kukhala yokongola, koma ntchito imapita kwa amene wamaliza kalatayo bwino.

Luso loyamba ndi kutaipa ndi zala zonse khumi osayang'ana pa kiyibodi. Munthu woyeserera theka la ola tsiku lililonse amazolowera m'miyezi yochepa, ndipo lusoli amakhala nalo moyo wake wonse. Lachiwiri ndi kusunga mafayilo mwadongosolo: kuwapatsa mayina omveka, kuwaika m'mafoda, ndi kusunga kope ina pa fulashi kapena pa intaneti. Lachitatu ndi kulemba kalata, lipoti ndi mbiri ya maphunziro mooneka bwino, pamodzi ndi kulemba imelo yaulemu yokhala ndi mutu, moni ndi dzina lenileni la wolemba. Lachinayi ndi mapulogalamu owerengera monga Excel. Mlembi wa banki m'khonde amene waika masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja cha membala aliyense m'mizere ya pulogalamu yotere amapeza gawo la aliyense pa tsiku logawana popanda mkangano. Wogulitsa kaunjika amene amalemba mtengo wa belo, thiransipoti, chiphaso cha msika ndi zimene wagulitsa amadziwa ngati akupindula kapena akudya mpamba.

Pamwamba pa izi pali luso lolemba mapulogalamu ndi lokonza zida. Ana akhoza kuyamba ndi Scratch, pulogalamu yaulere imene inapangidwa ku yunivesite ya MIT, ndipo okulirapo akhoza kuphunzira Python, yomwenso ndi yaulere. Kukonza mafoni ndi malaputopu, kuika sola ndi kulumikiza netiweki ndi ntchito zamanja zimene zikufunika m'tauni ndi kumudzi komwe. Maziko a zonsezi ndi masamu, kuwerenga ndi kulemba bwino. Mapulogalamu oyankha mafunso aja amathandiza, koma nthawi zina amanena zabodza molimba mtima, ndipo wotha kugwira bodzalo ndi amene phunzirolo akulidziwa kale. Wophunzira wowalembetsa ntchito ya kusukulu amapeza malikisi lero, koma m'chipinda cha mayeso amalowa yekha. Chinenero cha makolo chikufunanso antchito. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma zolembedwa m'Chichewa pa intaneti zidakali zochepa, ndipo amene angazichulukitse ndi achinyamata olemba bwino chinenero chawo.

Kusowa kompyuta kunyumba kusakhale chifukwa chogwera ulesi. Pali zipinda za makompyuta m'sekondale zina, malaibulale a National Library Service, makoleji a ntchito zamanja, ndi ma cafe a intaneti. Kiyibodi yotsika mtengo ikhoza kulumikizidwa ku foni ya Android kudzera pa Bluetooth kapena pa kachingwe ka OTG, munthu n'kuyamba kuphunzira kutaipa. Kompyuta yakale imene yayamba kuchedwa imatsitsimuka ikaikidwa Linux ndi LibreOffice, zomwe ndi zaulere. Safunsa anadya phula: wachinyamata afunse aphunzitsi, achibale ogwira ntchito m'maofesi ndi anzake odziwa. M'mabanja ambiri foni kapena laputopu ikabwera imagwera m'manja mwa anyamata, atsikana ali kumoto kapena kumjigo. Makolo agawe nthawi mofanana, pakuti ntchito za mawa zidzafuna luso limeneli kwa mwana wamkazi ndi wamwamuna yemwe.

Kusankha ndi kusamala chida

Asanagule chida, munthu ayambe wadzifunsa ntchito imene chidzagwire. Wochita geni yogula ndi kugulitsa amathandizidwa ndi foni ya batire lolimba ndi kamera yabwino. Wophunzira wa ku koleji amathandizidwa kwambiri ndi laputopu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, kusiyana ndi foni yodula ya mtengo womwewo. Malo ophunzitsira kapena otaipira makalata okhala ndi magetsi odalirika amapindula ndi kompyuta ya patebulo, chifukwa imakhala yotsikirapo mtengo, siibedwa msanga, ndipo chipangizo chimodzi chikaonongeka chimasinthidwa chokha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Laputopu yakale yowala kunja iyesedwe batire, kiyibodi, sikirini ndi polowetsa chaja ndalama isanatuluke. Wogula adziwenso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri akale salandira Windows 11. Foni yogulitsidwa mumsewu pamtengo wotsika modabwitsa, yopanda lisiti, kawirikawiri imakhala yakuba, ndipo wopezeka nayo ndiye amayankha kupolisi. Foni za ngongole zolipira pang'onopang'ono zimatsekeka munthu akalephera kulipira, choncho wogula awerengere ndalama zonse zimene adzapereke pofika kumapeto.

Chida chikagulidwa chisamalidwe. Magetsi akathima, chaja ichotsedwe kukhoma chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyeso. Fumbi, kutentha ndi madzi ndi adani a makina onse. Batire lotupa lichotsedwe msanga ndipo lisaponyedwe pamoto kapena m'chimbudzi. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Kukonzetsa chida ndi kuchigwiritsa ntchito zaka zambiri kumapulumutsa ndalama ndi nthaka yomwe.

Misampha ya foni

Walira mvula walira matope. Foni yabweretsa banki m'thumba, ndipo yabweretsanso akuba. Mauthenga onena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina, kuti munthu wapambana mpikisano umene sanalowe, kapena kuti ndalama yalowa molakwika ndipo ibwezedwe, ndi njira zodziwika za akathyali. Nambala yachinsinsi ndi ya mwini foni yekha. Isauzidwe kwa ejenti, kwa bwenzi, kapena kwa woimba foni amene akuti ndi wa ku kampani. Juga ya mpira ya pa foni yadya fizi, mipamba ndi malipiro a achinyamata ambiri, chifukwa makampani a juga amawerengera zonse kuti pamapeto iwo ndiwo apindule. Chithunzi chamaliseche kapena mawu achipongwe zikatumizidwa sizibwezeka, ndipo zimatha kudzatulukira zaka zambiri pambuyo pake pa nthawi yofunsira ntchito kapena banja. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 limalanga kuzunza ndi kuopseza anthu pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Nkhani yofika pa gulu la WhatsApp iyambe yatsimikizidwa isanatumizidwe kwa ena.

Msampha waukulu koposa ndi nthawi. Mapulogalamu ambiri aulere amapeza ndalama poonetsa malonda, choncho anapangidwa kuti munthu asawasiye: kanema akatha wina amayamba yekha, ndipo foni imalira kuitana mwini wake. Bandulo imatha, tulo timachepa, khosi ndi maso zimapweteka, buku lili chitsekere. Pa mfundo imeneyi kompyuta ya patebulo inali ndi ubwino umodzi umene wachinyamata ayenera kudzipangira yekha: inali ndi malo ake ndi nthawi yake, ndipo munthu akadzuka pampando ankaisiya pomwepo. Wogwiritsa ntchito foni aike malire otere. Pa nthawi yowerenga mauthenga atsekedwe, pa chakudya ndi pamaso pa akulu foni ikhale m'thumba, ndipo usiku igone kutali ndi mphasa.

Zida zipitiriza kuchepa, kutsika mtengo ndi kusintha mayina, ndipo foni itenga ntchito zina zimene lero zikuchitikira pa kompyuta. Anthu adzagawikabe pawiri: ongoonera ndi kulipira zimene ena apanga, ndi opanga zimene ena adzalipire. M'mera mpoyamba. Wachinyamata aliyense, wamkazi ndi wamwamuna, agwiritse ntchito foni imene ali nayo mwanzeru, afunefune kiyibodi kulikonse kumene ingapezeke, ndipo aphunzire kutaipa, kuwerengera ndi kupanga zinthu zake zaka zophunzira zisanamuthere.